Kumasulira Utoto ndi Mizere: Zithunzi za Cipembedzo Zozokota pa Mkuwa

Mau Oyamba

Colinga ca nkhani ino ndi kufotokoza mtundu wina wa zithunzi umene ambiri a ife tinauonapo m'mabuku akale a mapemphero koma osaufunsa dzina. Tikunena zithunzi zakuda ndi zoyera zimene amisiri a ku Ulaya anali kupanga pozokota mizere pa mkuwa, potsanzira cithunzi cimene mmisiri wina anapenta kale ndi utoto. Zambiri mwa izo zinali za cipembedzo. Masiku ano zimasungidwa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, ndipo citsanzo cathu cacikulu tacitenga ku British Museum mu mzinda wa London, kumene cigawo ca zithunzi za papepala cinakhazikitsidwa mu 1808 ndipo cili ndi zithunzi zosindikiza zoposa mamiliyoni awiri.

Wina angafunse kuti nkhani ya amisiri a mkuwa ikufunanji pakati pa anthu ophunzira zinenero. Yankho lili m'maina amene Azungu eni ake anaipatsa nchitoyi. Ataliyana amacha cithunzi cotere stampa di traduzione, ndiye kuti cithunzi comasulira, ndipo Afalansa amati gravure d'interprétation. Mu 1765 Denis Diderot, polemba za cionetsero ca zithunzi ca ku Paris, anafanizira wozokota ndi munthu amene atenga ndakatulo ya m'cinenero cina naimasulira m'mau wamba a cinenero cake. Ife tikuona kuti fanizoli ndi loona kopambana m'mene Diderot analikambira. Mafunso amene amasautsa womasulira aliyense, monga lakuti atayepo ciani, aonjezepo ciani, ndiponso lakuti nchito ikatha ikhala ya yani, anaonekera poyera pa mkuwa. Amisiriwo anakangana nao, ndipo mbali ina ya yankho lao anailemba m'munsi mwa cithunzi ciliconse.

Za mau amene tagwiritsa nchito

Cinyanja cili ndi aneni angapo oyandikana pa nkhani ya kudula cinthu colimba. Kusema ndi nchito ya nkhwangwa ndi kasemasema, pamene mmisiri acotsa mtengo wambiri kuti patsale mpini kapena mtondo. Kugoba ndi kukumba m'kati, monga pogoba bwato kapena ng'oma. Kuzokota ndiko kudula timizere tosazama pamwamba pa cinthu, monga acitira pa cikho, pa mpando kapena pa citseko. Mneni wacitatuyu ndiye woyenera pano, ndipo wocita nchitoyi timucha wozokota. Cidutswa ca mkuwa cosulidwa mopyapyala tacicha phale, ndipo pepala lotuluka pa phalelo tikulicha cithunzi cosindikiza.

Njira yapafupi yomvetsera nchitoyi ndi kukumbukira mphini. Wotema mphini amaceka khungu ndi lumo, napaka mankhwala akuda m'mabalamo, kenaka napukuta pamwamba, ndipo cakudaco cimatsalira m'mizere mokha. Wozokota acita cimodzimodzi ndi inki pa mkuwa. Apa pali kusiyana ndi cidindo ca ku ofesi, cifukwa pa cidindo inki imakhala pa malo otukuka, pamene pa phale imakhala m'malo okumbika.

Mmisiri amayamba ndi phale losulidwa ndi nyundo kuti lilimbe, lopukutidwa mpaka kuwala ngati kalirole. Cida cake cacikulu ndi kacitsulo kolimba kosongoka, kokhala ndi cigwiriro ca mtengo cokwana m'cikhatho. Afalansa ndi Angelezi amakacha burin. Kacitsuloka sakakoka monga ticitira ndi colembera. Amakakankha kutsogolo, ndipo kamatulutsa kaulusi ka mkuwa kopotana. Pofuna mzere wokhota, dzanja logwira citsulo silisuntha kwenikweni, phale ndilo limazunguzidwa pa kathumba ka cikopa kodzaza mcenga. Akakankha mwamphamvu mzere umazama ndi kukula, akacepetsa mphamvu umaonda. Cornelis Cort (1533–1578), amene anagwira nchito ndi Titian ku Venice mu 1565 ndi 1566, anachuka ndi mzere wotere woyamba woonda, wonenepa pakati, ndi kuondanso kumapeto. Phale lalikulu linali kudya miyezi yambiri, nthawi zina zaka.

Posindikiza, phale amalifunditsa pamoto pang'ono, nalipaka inki yolimba, naipukuta ndi nsalu, potsiriza ndi cikhatho. Pamwamba pake aikapo pepala lonyowa ndi nsalu zaubweya, zonse nazipititsa pakati pa migogo iwiri ya makina yofinya kwambiri. Pepala limalowa m'mizere ndi kutola inki. Popeza mkuwa ndi wofewa, mizere imafufutika pang'onopang'ono, kotero kuti zithunzi zoyamba zimatuluka zakuda bii, zotsiriza zotuwa, kufikira phale litazokotedwanso. Pa zonsezi tigwirepo mfundo ziwiri zimene tidzazifuna kutsogoloku. Yoyamba ndi yakuti wozokota alibe utoto, ali ndi mzere wakuda ndi pepala loyera basi. Yaciwiri ndi yakuti cimene cili kumanja pa phale cimatuluka kumanzere papepala.

Cithunzi ca Rubens ndi ca Vorsterman

Mu 1611 bungwe la oombera mfuti la mu mzinda wa Antwerp, lotsogoleredwa ndi Nicolaas Rockox, linapangana ndi Peter Paul Rubens (1577–1640) kuti alipentere cithunzi ca paguwa lao m'chalichi cacikulu ca mumzindamo. Gawo la pakati, loonetsa kutsitsidwa kwa Yesu pamtanda, linatha mu 1612, ndipo zitseko zake ziwiri za m'mbali zinatha mu 1614. Gawo la pakatilo ndi lalitali kuposa mamita anai. Muli anthu asanu ndi atatu ozungulira mtembo umene ukutsetsereka pa nsalu yoyera mbee. Amuna awiri aweramira pamwamba pa mtanda, mmodzi ataluma nsaluyo ndi mano kuti dzanja lake ligwire zina. Yosefe wa ku Arimateya ndi Nikodemo athandiza ca pakati. Yohane, wobvala copfunda cofiira, ndiye walandira kulemera konse kwa mtembo. Mariya amake watambasula dzanja, ndipo phazi la Yesu latsamira pa phewa la Mariya wa Magadala amene wagwada pansi pamodzi ndi Mariya winayo. Cithunzici cinatengedwa ndi Afalansa kupita ku Paris mu 1794, cinabwezedwa Napoleon atagonja mu 1815, ndipo cikali m'chalichi comweco.

Mu 1620 Lucas Vorsterman (1595–1675), mnyamata wa zaka 25, anatsiriza kucizokota pa mkuwa. Pepala lake silifika masentimita 60 m'litali. Pamene tiliika pambali pa cithunzi ca m'chalichi, cinthu coyamba kuzindikira ndi cakuti cofiira ca Yohane palibe. Pa cithunzi copenta, cofiiraco ndi coyera ca nsalu ndizo zimagwira maso a munthu akali kutali kukhomo. Vorsterman analibe cofiira, conco anafuna cina cogwira nchito yofananayo. Pa cobvala ca Yohane analukanitsa mizere yothithikana, pa thupi la Yesu anaika timizere toonda ndi timadontho, pa nsalu anasiya pepala loyera pafupifupi lopanda kanthu, ndipo kumbuyo anadetsa ndi mizere yopingasana. Nsalu yosalala, tsitsi, khungu la wakufa ndi khungu la wamoyo, ciliconse anacipatsa kalukidwe kakekake ka mizere. Ndico cifukwa cake odziwa za zithunzi amanena kuti ozokota a Rubens anali ndi utoto, ngakhale kuti sanagwire utoto ndi kamodzi komwe.

Ife aphunzitsi a Cinyanja sitiyenera kudabwa nazo zimenezi, pakuti kalembedwe kathu nako kamataya cinthu cacikulu cimene cili m'kamwa. Polankhula, mtengo womera m'thengo ndi mtengo wa pamsika amasiyana pa kukwera ndi kutsika kwa liu, koma polemba timawalemba cimodzimodzi. Wolemba wocenjera amakonza ciganizo cake kuti wowerenga asasokere, ndipo wowerenga amabwezeramo yekha liu limene silinalembedwe. Wozokota anali kudalira woona wake motero.

Cotayika caciwiri n'cacikulu kuposa utoto, ngakhale sicioneka msanga. Nkhoswe ya bungwe la oombera mfuti lija anali Kristofa Woyera, amene dzina lake m'Cigiriki litanthauza wonyamula Khristu, ndipo Rubens anamanga nchito yonse pa tanthauzo la dzinalo. Pa citseko ca kumanzere Mariya ali ndi pakati, akuceza kwa Elizabeti, ndiye kuti wanyamula Khristu m'mimba. Pa citseko ca kumanja Simeoni wanyamula khandalo m'manja m'Kacisi. Pakati abwenzi anyamula mtembo. Zitseko zikatsekedwa, kunja kwake kumaoneka Kristofa mwini akuolotsa mwanayo pamtsinje. Pepala la Vorsterman lili ndi gawo la pakati lokha. Munthu amene analigula ku Paris kapena ku Amsterdam anaona imfa ndi cisoni, koma mwambi wa dzina la Kristofa sakanaumva konse. Zili ngati kumasulira mutu umodzi wa buku ndi kuufalitsa pa wokha: mau onse angakhale olondola, koma cimene mutuwo unali kuyankha catsala m'mbuyo.

Cacitatu ndi kutembenuka kuja. Pa cithunzi ca m'chalichi Yohane ali ku dzanja lamanja la woona, Mariya amake ali kumanzere. Pa pepala la Vorsterman asinthana malo. Pa cithunzi ici kusinthako sikuononga ciphunzitso, ndipo Rubens anakulola. Koma pa zithunzi zina za cipembedzo dzanja lili ndi tanthauzo. Wodalitsa amadalitsa ndi dzanja lamanja, ndipo pa ciweruzo cotsiriza ca pa Mateyu 25 nkhosa zili kumanja, mbuzi kumanzere. Ife amene timadzudzula mwana akapereka cinthu kwa wamkulu ndi dzanja lamanzere tikumvetsa kulemera kwa nkhaniyi. Pa zithunzi zotere wozokota wosamala anali kuyamba watembenuza cojambula cake, kapena kugwira nchito akuyang'ana pa kalirole, kuti posindikiza zinthu zibwerere m'malo mwake. Kusankha pamene ayenera kudzibvuta motero ndi pamene angalekerere kunali nzeru ya mmisiri, monga womasulira amasankha pamene dongosolo la mau lili ndi tanthauzo ndi pamene lili cabe cizolowezi ca cinenero.

Tisaganize kuti Vorsterman anakhala m'chalichi ndi phale lake pamiyendo. Pakati pa cithunzi copenta ndi phale panali cojambula cina ca papepala, cakuda ndi coyera, cokonzedwa m'nyumba ya nchito ya Rubens, ndipo zina mwa zojambula zotere amati anazijambula Anthony van Dyck akali wothandiza wa Rubens. Phale likafika pakati, anali kusindikiza pepala loyesera, Rubens nalikonza ndi colembera ndi utoto woyera, kusonyeza pofunika kudetsa ndi pofunika kuwalitsa. Mapepala oyesera otere alipo mpaka lero. Motero mwini nchito anali kuwerenga ndi kukonza kumasulira kwa nchito yake isanatuluke, mwai umene olemba mabuku ambiri saupeza.

Mau a m'munsi ndi mkangano wa 1622

Pansi pa zithunzi zotere pamakhala timau ta Cilatini, kawirikawiri tofupikitsidwa, timene mlendo amatidumpha koma wosunga zithunzi amayamba nato. Tonse ndi aneni a nthawi yapita onena za munthu mmodzi. Pinxit ndiye kuti anapenta. Invenit ndiye kuti anaganiza kapena anayambitsa, ndipo amaikidwa pa dzina la mwini maganizo ngakhale pamene sipanakhale cithunzi copenta. Delineavit ndiye kuti anajambula, kunena uja wakonza cojambula ca pakati. Sculpsit ndiye kuti anazokota, ndipo excudit, mau amene poyamba anali kunena za kusula, anafika potanthauza kuti anasindikiza ndi kufalitsa. Mwa mwambo dzina la wopenta limakhala kumanzere, la wozokota kumanja. Pa mzere umodzi wokha woona amadziwa mwini maganizo, womasulira ndi wofalitsa. Tikayerekeza ndi mabuku ambiri omasuliridwa amene timaphunzitsira, m'mene dzina la womasulira limabisika kuseri kwa tsamba loyamba kapena silipezeka n'komwe, tiona kuti amisiri a zaka za m'ma 1600 anali patsogolo pathu pa nkhani imeneyi.

Pa pepala la Vorsterman pali zinanso ziwiri. Pali mau opereka cithunzico kwa Sir Dudley Carleton, kazembe wa England ku The Hague, ndiponso pali mau onena kuti cili ndi cilolezo ca mfumu ya France, ca olamulira a Netherlands ya kumwera, ndi ca boma la Holland. Cilolezo cotere cinali kuletsa ena kukopera cithunzico m'dzikomo kwa zaka zowerengeka. Rubens anapeza ziwiri zoyambazo mu 1619. Ca ku Holland anayamba am'kaniza, ndipo cinaperekedwa mu 1620 Carleton atam'lankhulira, conco dzina la kazembeyo m'munsi mwa cithunzi ndi cithokozo. Bvuto la kukopera linali lakale. Giorgio Vasari anasimba kuti Albrecht Dürer anakadandaula ku Venice cifukwa Marcantonio Raimondi anakopera zithunzi zake pamodzi ndi cizindikiro ca dzina lake, ndi kuti cimene anapindula ndi cakuti Marcantonio analetsedwa kugwiritsa nchito cizindikiroco, osati zithunzizo.

Koma mzere wa maina uja sunathetse funso lakuti ulemu waukulu ndi wa yani. M'kalata ya mu 1619 kwa Pieter van Veen, Rubens ananena kuti anakonda kuti nchito icitike iye akuona, ndi mnyamata wofunitsitsa kucita bwino, kusiyana ndi kuipereka kwa amisiri ochuka amene angatsate za m'mutu mwao. Mnyamatayo anali Vorsterman. Patapita zaka zitatu, mu 1622, Rubens analembera munthu yemweyo modandaula kuti nchito yaima cifukwa wozokota wake wadzikuza, akuti luso lake ndi dzina lake ndizo zikupatsa mtengo zithunzizo. Rubens anayankha kuti zojambula zimene anali kum'patsa zinali zotsirizika bwino kuposa zosindikizazo. Caka comweco kunamveka mbiri yakuti Vorsterman waopseza moyo wa Rubens, ndipo abwenzi a Rubens anapempha boma ku Brussels kuti lim'teteze. Mu 1624 Vorsterman anapita ku England, kumene anakhala kufikira ca m'ma 1630. Malo ake anatenga wophunzira wake, Paulus Pontius (1603–1658), ndipo pambuyo pake abale awiri, Boetius ndi Schelte à Bolswert.

Mau a Vorsterman tikuwamva kupyolera m'kamwa mwa mdani wake, conco tiyenera kuwalandira mosamala. Ngakhale zili tero, ife tikuona kuti mnyamatayo anali ndi mfundo. Cojambula ca pakati cingasonyeze pamene payenera kuda, koma sicinena kuti mizere ikhale ingati, italikirane motani, ipingasane pa ngodya yotani. Zimenezo anazipeza wozokota yekha, ndipo ndizo zimasiyanitsa pepala lake ndi mapepala ambirimbiri ozizira amene anthu ena anakopera kwa iye. Rubens naye sananame: popanda thupi lija lotsetsereka pa nsalu, Vorsterman akanazokota ciani? Aliyense amene anamasulirapo buku la munthu wamoyo akuudziwa mkangano umenewu.

Pamene comasulira cilowa m'malo mwa mwini

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Citsanzo coonekeratu ndi ca Giorgio Ghisi, amene mu 1550 anazokota cithunzi ca Raphael ca ku Vatican codziwika ndi dzina lakuti Sukulu ya ku Atene, wofalitsa wake ali Hieronymus Cock wa ku Antwerp. Raphael anapenta anthu anzeru a Cigiriki, Plato ndi Aristotle ali pakati. Ghisi anatsata maonekedwe a anthuwo mokhulupirika, koma mau olembedwa pa pepalalo amanena kuti uyu ndi Paulo akulalikira ku Atene, monga pa Macitidwe 17. Mizere sinasinthe kanthu, mau ocepa okha ndiwo anasandutsa cithunzi ca nzeru za Agiriki kukhala ca cipembedzo, ndipo wogula wa kumpoto kwa Ulaya amene sanafikepo ku Roma analibe pom'tsutsira.

Ca Mgonero Wotsiriza ca Leonardo da Vinci cinayenda njira ina. Leonardo anacipenta pa khoma la cipinda codyera ca amonke ku Santa Maria delle Grazie mu Milan, nacitsiriza ca m'ma 1498, koma utoto wake unayamba kusupuka iye akali moyo, ndipo mu 1652 anabooleza khomo pakhomapo nadula mapazi a Yesu. Pamene Raphael Morghen (1758–1833) anatulutsa cozokota cake mu 1800, anagwira nchito ali ku Florence, potsata cojambula ca Teodoro Matteini. Nkhope zimene pakhoma zinali zitafufutika, pa pepala zinatuluka zooneka bwino, ndipo kambale ka mcere kamene Yudasi wagubuduza ndi mkono kamaoneka poyera. Kwa zaka zambiri anthu ponena za Mgonero wa Leonardo anali kunena za pepala la Morghen. Goethe yemwe, polemba za cithunzici, analangiza owerenga ake kuti akhale ndi pepalalo patsogolo pao.

Pepala la Vorsterman nalo linabala ana. Rembrandt sanali ku Antwerp, koma pamene anapenta kutsitsidwa kwa Yesu pamtanda ca m'ma 1633, cithunzi cimene tsopano cili ku Alte Pinakothek mu Munich, anali kuyankha Rubens amene anam'dziwira papepala. Ndipo caka comweco anatulutsa cosindikiza cakecake cokhala ndi mau a cilolezo, potsanzira njira ya Rubens ya malonda. Kutali ku Mexico ndi ku Peru, kumene zombo za Spain zinali kutula mitokoma ya mapepala a ku Antwerp, amisiri anapenta zithunzi zikuluzikulu za m'machalichi potsata mapepalawo, ndipo mapangano ena olembedwa anali kuchula pepala limene mmisiri ayenera kutsata. Apa kumasulira kunabwerera kumene kunacokera, kucoka ku mizere kupita ku utoto, koma mmisiri wa ku Cuzco sanaonepo cofiira ca Rubens. Anasankha utoto potsata mwambo wa chalichi ndi diso lake, monga wowerenga uja abwezera liu pa mau akuti mtengo, ndipo anthu ake anaima motembenuka monga anawapezera papepala. Wofufuza akapeza cithunzi copenta cimene Yohane ali kumanzere, amadziwa kuti cinadzera pa mkuwa. Mu Africa muno citsanzo codziwika ndi ca ku Ethiopia, kumene cifaniziro ca Mariya ca m'chalichi ca Santa Maria Maggiore ku Roma, cimene Ajezuiti anafika naco, cinakhazikika m'zopenta za Aitiopiya kuyambira zaka za m'ma 1600.

M'nyumba yosungiramo zakale

Ulemu wa zithunzi zomasulira unatsika m'zaka za m'ma 1800. Adam Bartsch wa ku Vienna, m'mabuku ake 21 ochedwa Le Peintre-Graveur amene anatuluka kuyambira 1803 kufikira 1821, anaika patsogolo amisiri ozokota maganizo aoao, ndipo osonkhanitsa zithunzi anam'tsata, ngakhale kuti Bartsch mwini anali wozokota zojambula za anthu ena. Kenaka kunabwera kamera. Makampani monga la abale a Alinari, limene linayamba ku Florence mu 1852, anagulitsa zithunzi za kamera za nchito zochuka pa mtengo wocepa, ndipo anthu anayamba kuona wozokota ngati makina akale amene apezerapo ena abwino. Kaganizidwe kameneka kanaiwala kuti kamera ya nthawiyo nayo inali yakuda ndi yoyera, ndipo inali kudetsa cofiira ndi kuwalitsa cobiriwira ca kumwamba popanda kusankha, pamene wozokota anali kusankha. Ndandanda ya zozokota zotsata Rubens imene Voorhelm Schneevoogt anatulutsa ku Haarlem mu 1873 inasanja mapepalawo potsata nkhani za zithunzi za Rubens, maina a ozokota akubwera pambuyo. M'zaka makumi angapo zapitazi ofufuza abwereranso ku mapepalawa, ndipo ambiri akukana dzina lakuti zokopera.

Ku British Museum mapepalawa sakhala pakhoma nthawi zonse, cifukwa kuwala kumaononga pepala. Amagona m'mabokosi, ndipo wofuna kuwaona amapempha ku cipinda cowerengera, kapena amawapeza m'ndandanda ya pa intaneti. Ndandandayo inasunga dongosolo lakale la m'munsi mwa cithunzi: ili ndi mzere wa amene anapanga cosindikiza, wa amene nchito yake inatsatidwa, ndi wa wofalitsa. Wosunga amalembanso ngati cithunzi n'cotembenuka, ndiponso kuti pepalalo linasindikizidwa phale lili pa msinkhu uti, cifukwa phale limodzi linali kusintha m'moyo wake. Mapepala oyamba amatuluka maina asanalembedwe. Ena amatuluka dzina la wofalitsa woyamba litafufutidwa ndi kulembapo la amene anagula phalelo. Ena mizere itazokotedwanso ndi dzanja la munthu wina. Kusanja mapepala awiri a phale limodzi ndi nchito yofanana ndi ya wofufuza amene ayerekeza zosindikiza ziwiri za Baibulo limodzi kuti aone pamene okonza anasintha mau.

Mapale eni ake ambiri anatha, ena anasungunulidwa cifukwa mkuwa unali ndi mtengo. Otsala ambiri ali ku Roma, m'nkhokwe imene Papa Clement XII anayambitsa mu 1738 pogula mapale a banja la osindikiza la De Rossi. Dzina lake, Calcografia, licokera ku mau awiri a Cigiriki, lina lotanthauza mkuwa, lina kulemba. Ku Paris kuli nkhokwe yotere ya Louvre, yokhazikitsidwa mu 1797, imene ikali kusindikiza ndi kugulitsa zithunzi za pa mapale ake. Ku Antwerp, Museum Plantin-Moretus isunga mapale amene nyumba yosindikiza ya Moretus inagwiritsa nchito m'mabuku ake, ndipo pakati pa mabukuwo pali la Misa la mu 1613 ndi la mapemphero a ansembe la mu 1614, okhala ndi zithunzi zimene Rubens anajambula, Theodoor Galle nazizokota. Munthu akaima patsogolo pa phale lotere amayamba wasokonezeka, cifukwa mau onse a m'munsi, pamodzi ndi dzina la wozokota, analembedwa cam'mbuyo, kuyambira kumanja kupita kumanzere, ndipo pa mapale ambiri zilembozo anazidula mmisiri wina wapadera amene nchito yake inali ya zilembo zokha, amene kawirikawiri dzina lake silinalembedwe pa mzere uja.